Besi Yokoma M'chipinda ndi Besi Yomveka M'bandi

Okonda gitala ya besi akakumana, macheza sachedwa kufika pa zipangizo. Wina amafunsa za pedal (kabokosi koponda ndi phazi kosinthira kamvekedwe ka gitala) imene mnzake wangogula kumene, wina amatama ampulifaya yake, ndipo salephera kupezeka mmodzi wolumbira kuti nsambo za mtundu wakutiwakuti ndi zokhazo zoyenera kumangidwa pa besi. Macheza amenewa inenso ndimawakonda, ndipo ndikaona kabokosi kachilendo pa bolodi la mapedal la mnzanga ndimawerama kuti ndikaonetsetse. Komabe pali mfundo imodzi imene imasowa kawirikawiri pa zokambirana zathu, yakuti kamvekedwe kamene kamatsekemera m'khutu munthu akamaimba yekha m'chipinda si kamene kamapulumuka ng'oma, magitala, kiyibodi ndi mawu a oimba zikayambira pamodzi. Chipangizo chilichonse cha besi chiyenera kuyesedwa pamenepo, pakati pa bandi yonse.

Gwero la nkhaniyi ndi mmene mawu a besi amapangikira. Nsambo yaikulu ya E ikakhudzidwa yosapanikizidwa imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi, ndiye kuti 41 Hz, ndipo pa besi ya nsambo zisanu, nsambo ya B imatsika mpaka cha pa 31 Hz. Masipika ambiri satha kutulutsa mwamphamvu mawu otsika chotere, ndipo khutu la munthu nalonso silimva bwino kumunsi kumeneko. Chimene timamva kwambiri ndi timawu tina timene timatuluka limodzi ndi liwu lenilenilo, pa 82 Hz, 124 Hz, 165 Hz mpaka m'mwamba, ndipo ubongo umadalira timawu timeneti pozindikira noti imene ikuimbidwa. N'chifukwa chake munthu amatha kutsatira besi pa kasipika ka foni, kamene sikangayerekeze n'komwe kutulutsa 41 Hz.

Choncho mawu apakati, kuyambira cha pa 200 Hz kufika cha pa 1,000 Hz, ndi amene amanyamula noti kukaifikitsa kwa omvera. Vuto lake n'lakuti mawu omwewa ndi amene sakoma munthu akakhala yekha, pakuti amamveka ngati munthu wolankhulira m'mphuno. Woimba akakhala pansi ndi ampulifaya yake amachepetsa apakati, n'kukweza apansi ndi apamwamba, ndipo zotsatira zake zimakhala besi yakuya, yoyera, yogwedeza mawindo. Akafika nayo pa siteji amapeza kuti kumunsi kwadzaza kale ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi ndiponso dzanja lamanzere la woimba kiyibodi, pamene kumwamba kwalandidwa ndi magitala ndi zinganga za woimba ng'oma. Besi ija imazimiririka. Iye amakweza voliyumu, siteji yonse imayamba kulindima, anzake amamuyang'ana mokwinya nkhope, koma manoti ake samvekabe, chifukwa chimene chikusowa si mphamvu ayi, ndi mawu apakati amene anawachotsa yekha.

Mfundo imeneyi imathandiza kumvetsa chifukwa chimene Fender Precision Bass yakhalira yosagonja. Leo Fender anaitulutsa mu 1951, ndipo mu 1957 inalandira pickup (kachipangizo kotola kunjenjemera kwa nsambo) yogawika pawiri imene ikudziwika nayo mpaka lero. Ili ndi pickup imodzi yokha, chopotokolera voliyumu chimodzi ndi chopotokolera kamvekedwe chimodzi, ndipo munthu akaiimba payokha m'sitolo angathe kuinyoza kuti ndi yosasangalatsa. Koma mphamvu zake zili m'munsi mwa mawu apakati, pamalo pamene zida zina sizipikisana nayo kwambiri, motero m'nyimbo imakhazikika popanda kuivutikira. Jazz Bass, imene inabwera mu 1960, ili ndi mapickup awiri, ndipo onse akatsegulidwa mofanana, ena mwa mawu apakati amafafanizana okha, n'kusiya kamvekedwe kosalala kamene ambiri amakakonda. Woimba Jazz Bass amene akusowa m'bandi angachite bwino kubweza pang'ono voliyumu ya pickup imodzi asanaganize zogula chilichonse, chifukwa kungotero mawu apakati amabwerera. Music Man StingRay ya mu 1976 inabweretsa njira ina, yoika preamp (kachipangizo kokweza ndi kukonza mawu asanafike ku ampulifaya) yoyendera batire la 9V m'kati mwa gitala momwemo, ndipo kuyambira pamenepo mkangano wa besi za batire ndi zopanda batire sunathe. Ine sindiona chifukwa chosankhira mbali pa mkangano umenewu, kupatula kunena kuti preamp yoteroyo imapeputsa kwambiri ntchito yokweza mawu apansi mopitirira muyezo.

Nsambo zimasintha kamvekedwe kuposa mapedal ambiri, ngakhale kuti sizikambidwa mokwanira. James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zochuluka za kampani yojambula nyimbo ya Motown, ankagwiritsa ntchito nsambo zosalala za flatwound pa Precision yake, sankakonda kuzisintha, ndipo pansi pa chivundikiro cha bridge (chitsulo chogwira nsambo kumunsi kwa gitala) panali siponji yofupikitsa kulira kwa noti iliyonse. Ankaimba ndi chala chimodzi cha mkombaphala. John Entwistle wa gulu la The Who ankafuna zosiyana kotheratu, ndipo mu 1966 anagwira ntchito ndi kampani ya Rotosound pokonza nsambo zamizeremizere za roundwound zimene zimalira mowala ndi motalika. Jaco Pastorius anatenga nsambo za mtundu womwewu n'kuziika pa Jazz Bass yochotsedwa mafret (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), ndipo ankaimbira pafupi ndi bridge pogwiritsa ntchito kwambiri pickup ya kumeneko. Anthu atatuwa samveka mofanana ngakhale pang'ono, koma onse amamveka bwinobwino m'nyimbo zawo, ndipo kusiyana kwawo kwakukulu kunachokera ku nsambo ndi pamalo pamene dzanja lamanja linkagwira. Aliyense angayese zimenezi lero lomwe: aimbe noti imodzi chala chili pamapeto pa khosi la gitala, kenako asunthire dzanja pafupi ndi bridge, ndipo adzamva liwu lonenepa ndi lofewa likusanduka lolimba ndi lakuthwa.

Tikafika pa mapedal enieniwo, imene ndimaiona yofunika kwambiri ndi imene siisangalatsa anthu poiyesa, ndiyo compressor. Ntchito yake ndi kuchepetsa manoti ofuula kwambiri kuti asatalikirane ndi ofooka. Ikaikidwa pa 4:1, zikutanthauza kuti mawu akapitirira malire amene mwaika ndi madesibelo (muyezo wa kukula kwa mawu) anayi, imangolola desibelo imodzi kudutsa. Chopotokolera chimene ambiri amalakwitsa ndi cha attack, chimene chimalamula kuti compressor igwire noti mofulumira motani. Ikagwira msanga kwambiri imadula kakugunda koyamba ka chala pa nsambo, ndipo kakugunda kameneko ndi kamene kamathandiza besi kulumikizana ndi ng'oma. Ndi bwino kuchedwetsa attack pang'ono kuti mutu wa noti udutse, ndiyeno compressor igwire thupi lake. Ngati pedal ili ndi timagetsi toonetsa kuchuluka kwa zimene ikuchepetsa, timagetsito tizingophethira pa manoti amphamvu, osati kuyaka nthawi zonse. Compressor yokonzedwa bwino simveka ikayatsidwa, koma ikazimitsidwa pakati pa nyimbo woimba ng'oma ndi amene amayamba kucheuka.

Mapedal a overdrive, distortion ndi fuzz, amene amaphwanya mawu kuti amveke okalipa, ndi amene amanyenga kwambiri. Ambiri mwa amene anapangidwira gitala wamba amadula dala mawu apansi asanawaphwanye, chifukwa mawu otsika akaphwanyidwa amasanduka phala losamveka mutu wake. Pa gitala zimenezi n'zothandiza, koma pa besi zikutanthauza kuti mukangoponda pedal, pansi pa nyimbo pamachoka. M'chipinda simungazindikire msanga, popeza kukalipa kwa fuzz kumakusangalatsani, koma pa siteji, pa nthawi yeniyeni imene nyimbo imayenera kukula, imamveka yopyapyala. Yankho limene opanga zipangizo anapeza ndi chopotokolera cha blend, chimene chimasakaniza liwu loyera la besi ndi liwu lophwanyidwa. Bass Big Muff ya Electro-Harmonix ili ndi njira yolowetsera liwu loyera, ndipo mapedal a Darkglass, kampani ya ku Finland, anatchuka pakati pa oimba nyimbo zolemera chifukwa amakalipitsa mawu apamwamba pamene apansi akhala olimba. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti overdrive yochepa kwambiri, imene payokha imamveka ngati besi yadetsedwa pang'ono, m'bandi simveka ngati overdrive n'komwe, imangochititsa kuti manoti aonekere. Izi zili choncho chifukwa kuphwanya mawu kumawonjezera timawu tapakati tija timene khutu limadalira.

Octave (yowonjezera noti yomweyo koma yotsika kwambiri) ndi envelope filter (yosefa mawu motsatira kakhudzidwe ka nsambo) ndi mapedal amene amamvera dzanja kuposa ena onse. Octave ya Boss OC-2, imene inatuluka mu 1982 ndipo Pino Palladino anaitchukitsa poiphatikiza ndi StingRay yopanda mafret, imatsatira noti imodzi yokha pa nthawi, ndipo nsambo ina ikangolira pambali imasokonezeka n'kuyamba kudumphadumpha. Imagwira bwino munthu akamaimbira pakati pa khosi la gitala, akutseka nsambo zosafunika ndi manja onse awiri. Filter ya Mu-Tron III ya mu 1972, imene ambiri amaidziwira kwa Bootsy Collins, imatsegula ndi kutseka sefa yake molingana ndi mphamvu ya kukhudza kwanu. Pachifukwa chimenechi compressor yofinya kwambiri ikaikidwa patsogolo pa filter imaipha, popeza imachotsa kusiyana kwa mphamvu kumene filter imadalira. Ndimakonda kuika octave koyambirira, filter pambuyo pake, ndipo compressor ibwere pambuyo pa ziwirizi kuti igwire manoti amene filter imawafuulitsa mwadzidzidzi. Za chorus, delay ndi reverb, zimene zimatambasula kapena kubwereza mawu, sindinena zambiri: zimakoma pa manoti apamwamba ndi pamene besi yatsala yokha, koma pa nsambo zazikulu zimasokoneza pansi pa nyimbo pokhapokha ngati pedal ili ndi njira yosiyira mawu apansi osakhudzidwa.

Pali tinthu tina tosatamandika timene timawononga bolodi labwino. Mapedal ambiri amafuna 9V, ndipo pa pulagi yawo mbali ya negative imakhala pakati, koma si onse, choncho munthu awerenge zolembedwa pa pedal asanalumikize. Mapedal a digito akagawana waya mmodzi wa magetsi ndi a analogi nthawi zambiri amalowetsa kaphokoso kolira mosalekeza, ndipo mankhwala ake ndi chogawira magetsi chimene chimapatsa pedal iliyonse njira yakeyake. Kebulo yaitali nayonso imadya mawu apamwamba a besi yopanda batire, ndipo bolodi lodzaza mapedal a true bypass (amene akazimitsidwa amangodutsitsa mawu ngati waya) okhaokha limangotalikitsa kebuloyo, pamene buffer (kachipangizo kolimbitsa mawu kuti asafooke m'kebulo) imodzi kumayambiriro ikanathetsa vutolo. Mafuzz ena akale okha ndi amene amadana ndi buffer ndiponso besi za batire, moti amafuna kukhala oyamba pa mzere.

Ampulifaya imakondedwa ngati mwana, koma pa siteji zikuluzikulu omvera saimva kwenikweni. Ampeg SVT ya mu 1969, ya mawati 300 ndi bokosi la masipika asanu ndi atatu a mainchesi 10, idakali chizindikiro cha besi ya rock, monganso B-15 ya mu 1960 ili chizindikiro cha besi ya mu situdiyo. Masiku ano maampulifaya a Class D amapereka mawati mazanamazana m'kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi, ndipo amene ananyamulapo SVT pa masitepe sangawanyoze. Tizikumbukira kuti kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera madesibelo atatu, motero kuwonjezera bokosi lachiwiri la masipika kumathandiza kuposa kuthamangira mawati ochuluka, bola ampulifaya ikhale yololera, pakuti mabokosi awiri a maohm 8 (muyezo wa katundu amene masipika amasenzetsa ampulifaya) akalumikizidwa mwa nthawi zonse amasanduka maohm 4. Chimene omvera amamva kawirikawiri ndi liwu lochokera mu DI (kabokosi kotumiza mawu a besi mwachindunji) kupita ku mikisa. Ichi ndi chifukwa chake SansAmp Bass Driver DI ya Tech 21 imapezeka pa mabolodi ambiri: imapatsa injiniya liwu lofanana ndi la ampulifaya ya mavalavu popanda kuika maikolofoni pa sipika. Koma nayonso mwachibadwa imachepetsa mawu apakati, ndipo ikaikidwa blend yonse, zopotokolera za bass ndi treble (mawu apansi ndi apamwamba) zili m'mwamba, imabweretsa vuto lomwe lija la besi yosowa. Kubweza blend, kapena kutsitsa bass ndi treble n'kukweza level (voliyumu), kumabwezeretsa apakatiwo.

Chipangizo chimene ndikanakonda kuti okonda besi azikambirana kwambiri ndi high-pass filter, sefa imene imadula mawu otsikitsitsa. Poyamba zimamveka zosemphana ndi nzeru kuti woimba besi adule besi, koma pa besi ya nsambo zinayi, kunsi kwa 40 Hz kuli kugunda kwa zala, kugwedezeka kwa siteji ndi mphepo chabe, zimene zimakankha masipika mwamphamvu ndi kudya mawati popanda kupereka noti. M'holo ya makoma olimba kapena pa siteji ya matabwa yokhala ndi mphako pansi, kukweza sefayi mpaka cha pa 60 Hz kapena 80 Hz kumachotsa kulindima, ndipo manoti a nsambo ya E amayamba kusiyanitsika. Njira yoikira ndi yosavuta, ngakhale kuti imafuna anzanu akhalepo: bandi iziimba gawo lodzaza kwambiri la nyimbo, inu muzikweza sefa pang'onopang'ono mpaka mutamva kuti besi yayamba kuonda, ndiyeno mubweze pang'ono. Mukasamukira m'holo ina mudzayenera kuikonzanso, chifukwa malo amene inakhala bwino dzulo anali a chipinda chimenecho.