Zimene Ndaphunzira pa Moyo wa Wodwala Mtima Asanachitidwe Opaleshoni ndi Pambuyo Pake

Ndisanayambe phunziro la kasamalidwe ka odwala mtima, ndinkaganiza kuti opaleshoni ikangoyenda bwino, nkhani yatha. Chimene chinkandikopa kwambiri ndi luso la madokotala monga John Gibbon, amene mu 1953 anachita opaleshoni pogwiritsa ntchito makina opopa magazi m'malo mwa mtima ndi mapapo, komanso René Favaloro, amene mu 1967 ku chipatala cha Cleveland Clinic ku America anatenga mtsempha wa m'mwendo n'kuulumikiza molambalala mtsempha wa mtima umene unatsekeka. Tsopano ndazindikira kuti wodwala amadera nkhawa zina: kodi adzathanso kusamba yekha, kukwera masitepe ndi kubwerera ku ntchito yake?

Munthu asanafike pa opaleshoni amakhala atasiya kale zinthu zambiri pang'onopang'ono. Chifuwa chikamapweteka ndipo akamabanika atangoyenda pang'ono, amayamba kupewa kuyenda, minofu imafooka, kenako ntchito yopepuka imene ankaigwira mosavutika imamulemera. N'chifukwa chake tinaphunzitsidwa kuyeza mtunda umene wodwala angayende kwa mphindi 6 m'khonde la mamita 30, ndiponso kumufunsa mafunso 36 a pa fomu yotchedwa SF-36, amene amakhudza mphamvu za thupi, ululu, maganizo ndi kucheza ndi anthu. Ziwerengerozi zimasungidwa kuti pambuyo pake tidziwe ngati moyo wake wasinthadi.

Gawo limene landigwira mtima kwambiri ndi la masiku oyamba opaleshoni ikachitika. Fupa la pakati pa chifuwa, limene limadulidwa kuti madokotala afikire mtima, limatenga milungu 6 mpaka 8 kapena kuposerapo kuti ligwirane, choncho kunyamula zolemera n'koletsedwa. Kuyenda kokha kumayamba msanga, nthawi zambiri tsiku loyamba kapena lachiwiri, chifukwa kugona nthawi yaitali kumabweretsa chibayo ndi kuundana kwa magazi m'miyendo.

Pa nthawi yophunzira m'chipinda cha odwala, ndinaona bambo wina atakumbatira pilo pachifuwa asanatsokomole, monga momwe anamulangizira. Atamupempha kuti aimirire, anagwiritsitsa m'mphepete mwa bedi, miyendo ikunjenjemera, ndipo anati akuopa kuti bala litseguka. Akazi awo, chifukwa chowakonda, ankangoti, "Gonani, musadzivutitse." Pamenepo ndinaona kuti mantha angamangirire munthu pampando ngakhale mtima wake utakonzedwa bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti achibale ayenera kuphunzitsidwa pamodzi ndi wodwalayo, popeza ndiwo adzakhale naye akatuluka m'chipatala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zosatopetsa kwambiri kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, koma wodwala wotere amafikapo mwapang'onopang'ono, moyang'aniridwa ndi achipatala. Bambo aja anayamba ndi kuyenda kuchokera pabedi kufika pakhomo, ndipo patapita masiku atatu anayenda khonde lonse, akazi awo ali pambali pawo.