Mmene ndinasamutsira nyimbo za kwaya kuchoka pa Cubase yakale

Laputopu yomwe ndinabwera nayo kuno ku Joni inayamba kumazima yokha ikatentha, ndipo mkati mwake munali nyimbo zisanu ndi imodzi za amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Rosettenville. Tinkazijambula Loweruka ndi Loweruka m'chipinda chomwe ndimachita lendi ku Turffontein, matiresi titawatsamiritsa kukhoma kuti mawu asamabwerere, amayi akulowa anayianayi chifukwa malo ndi ochepa. Ena mwa iwo amagwira ntchito zapakhomo kumpoto kwa mzinda, ndipo kuti afike kwanga amakwera matakisi awiri, kusinthira m'tauni. Anthu otere sungawauze kuti bwerani tiyambirenso. Ndiye nditagula kompyuta ina n'kuikamo Cubase 12, pulogalamu yojambulira ndi kusakaniza nyimbo, mtima wanga wonse unali pa kuwolotsa nyimbozo popanda kutayapo kanthu.

Pa laputopu yakaleyo panali Cubase 5, ya mu 2009 ija, yomwe ambiri a ife tinaphunzirirapo kujambula. Chinthu choyamba chomwe ndikufuna mnzanga aliyense achimvetse ndi ichi: mu fayilo ya pulojekiti, ija imathera ndi .cpr, mulibe mawu a munthu ngakhale mmodzi. Ili ngati kope la ngongole la pagolosale, lomwe limalemba za shuga ndi sopo koma mulibe shuga kapena sopo. Imangosunga kuti mawu a soprano ali pakuti, ayambire pa bar yakuti, akwere kufika apa, adutse mu plugin yakuti, kapulogalamu kowonjezera kosintha kapena kupanga mawu. Mawu enieniwo amakhala mu foda ya Audio. Ukakopera .cpr yokha pa flash, wanyamula kope, katundu wamusiya.

Ndipo si zonse zomwe zimakhala mu foda imeneyo. Ng'oma zina ndinazikoka kuchokera pa Desktop, kakuwomba m'manja kena kanali mu Downloads. Cubase inkazipeza chifukwa inkadziwa njira yake pa laputopu imeneyo basi. Choncho pa nyimbo iliyonse ndinkatsegula Pool, mndandanda wa mafayilo onse a mawu a pulojekiti, ndi Ctrl+P, n'kusankha Prepare Archive kuti zomwazikanazo zikopereredwe mu foda ya pulojekiti, kenako pa File n'kusankha Back up Project, n'kuloza foda yatsopano yopanda kanthu. Ndinkachita zimenezi m'bandakucha kukuzizira, laputopu nditaikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mphepo izidutsa pansi, nditayamba ndaona kaye ndandanda ya nthawi yozima magetsi. Nyimbo ziwiri pa tsiku, osapitirira.

Nditatsegula nyimbo yoyamba pa Cubase 12, mawu a amayi onse analipo, ali pamalo pake. Koma panatuluka kabokosi kondandalika ma plugin omwe sanapezeke, ndipo nditadina kuti iyambe kulira, piyano inali zii. Timizere ta MIDI, tosonyeza manotsi oti aimbidwe, tinalipo, tikuoneka bwinobwino, koma topanda chotiliza. Reverb, yochititsa mawu kumveka ngati a m'holo, yomwe ndinaika pa mayi otsogolera nayo kunalibe, mawu awo anangouma ngati akuimbira m'kabati.

Chifukwa chake n'chodziwika. Piyanoyo ndi reverb imeneyo zinali za 32-bit, ndipo kuyambira pa Cubase 9, yomwe inatuluka mu 2016, pulogalamuyi imalandira ma plugin a 64-bit okha. Pali kapulogalamu kotchedwa jBridge komwe ena amalumikizira zakalezo, ndipo ndikudziwa anzanga omwe kamawathandiza. Ine sindinafune kuti nyimbo za anthu zitsamire pa mlatho wina wapakati. Ndinabwerera ku laputopu yakale, mwayi wake inali isanafe, n'kuchita zinthu zitatu pa chida chilichonse choimbidwa ndi plugin. Ndinachitulutsa chokha ngati WAV kuti kamvekedwe kake kasungike mmene amayi anakazolowerera. Ndinatulutsanso MIDI yake, kuti ndikafuna piyano ina mawa ndisaimbenso. Ndipo ndinatsegula plugin iliyonse n'kuijambula ndi foni, manambala onse akuoneka. Zithunzi zimenezo zinandithandiza koposa mmene ndinkaganizira, chifukwa pa reverb yatsopano ndinangoyambira pa utali womwewo wa masekondi, khutu n'kumalizitsa.

Posankha ma plugin olowa m'malo ndinatenga a mtundu watsopano wa VST3 okhaokha. Kampani ya Steinberg, eni ake a Cubase, inalengeza mu 2022 kuti ikusiya mtundu wakale wa VST2, ndiye sindinaone chifukwa chomangiranso pa chinthu chomwe chikupita.

Apa pali kanthu kakang'ono koma kofunika. Pulojekiti ikatseguka pa Cubase yatsopano, musadine Save pomwepo. Ipatseni dzina lina. Ine ndinkangowonjezera C12 kumapeto kwa dzina, foda yochokera ku laputopu n'kuisiya osaikhudza, kopi ina ili pa hard drive yapadera m'sutikesi.

Chifukwa chake ndinachiona posakhalitsa. Womikisa nyimbozi, kapena kuti wosakaniza mawu ake komaliza, si ine, ndi achimwene anga ku Blantyre, omwe khutu lawo ndimalidalira kuposa langa, ndipo iwo akadali pa Cubase 5. Kuchoka ku yakale kupita ku yatsopano njira ilipo. Kubwerera m'mbuyo ndiye kulibe chitsimikizo, chifukwa pulogalamu yakale siidziwa zinthu zomwe zinabwera iyo itatuluka kale. Mwina ikana kutsegula, mwina itsegula zina zitagwera m'njira iwe osadziwa, ndipo chachiwirichi ndiye choopsa. Nditawaimbira anandidula ndisanamalize.

"Mphwanga, pulojekiti usanditumizire ayi. Nditumizire ma stem, onse ayambire pa bar 1. Ukandidulira zidutswa ndidzakhala sabata yonse ndikulumikiza."

Ma stem ndi mafayilo a mawu, tiraki iliyonse payokha, ndipo mawu akuti onse ayambire pa bar 1 ndiwo mutu wa ntchito yonse. Ndinaika locator yakumanzere, kachizindikiro ka malire a gawo lotulutsidwa, poyambira penipeni, yakumanja n'kuipititsa masekondi angapo nyimbo itatha kuti mchira wa mawu usaduke. Kenako pa Export Audio Mixdown ndinasankha kutulutsa ma channel ambiri nthawi imodzi, iliyonse fayilo yakeyake. Ma tenor a nyimbo yachitatu amalowa pa kolasi pokha, choncho fayilo yawo ili ndi mphindi yathunthu yopanda mawu kumayambiriro. Chete ameneyo musamudule. Ndi amene amachititsa kuti munthu wa ku Blantyre akangokoka mafayilo onse n'kuwagunditsa kumanzere, nyimbo ikhale pamzere yokha, kaya akugwiritsa Cubase 5, FL Studio kapena china chilichonse.

Ndinazimitsa zonse za pa master, limiter ndi zina, n'kutulutsa WAV ya 24-bit pa 44.1 kHz, monga tinajambulira. Mayi otsogolera ndinawatulutsa kawiri, kamodzi owuma, kamodzi ndi reverb, kuti achimwene amve zomwe ndinkafuna koma manja awo akhale omasuka. Mayina ndinalemba omveka, 01 Soprano A, 02 Soprano B, mpaka mmunsi, osati Audio 14 yomwe mwini wake yemwe saidziwa. Mu foda iliyonse ndinaikamo kakalata konena BPM (liwiro la nyimbo), kiyi ya nyimbo ndi sample rate (44.1 kHz ija), ndi MP3 imodzi ya mmene ndinaisakanizira mongoyembekezera.

Sample rate ndiyo inatsala pang'ono kundisokoneza. Gitala ya besi ya nyimbo ziwiri anaimba mnyamata wina wa kwathu yemwe amakhala ku Yeoville, pa kompyuta yake, ndipo iye amajambula pa 48 kHz. Polowetsa fayilo yake Cubase inandifunsa ngati iisinthe, ine n'kudutsapo mwachangu. Besi inayamba kutsalira m'mbuyo, ikumvekanso yotsika, yosagwirizana ndi piyano. Fayilo ya 48 kHz ikamawerengedwa pa 44.1 kHz imayenda pang'onopang'ono, ndipo mawu amatsika ndi pafupifupi semitone imodzi ndi theka. Ndinkaganiza kuti mnyamatayo sanachune gitala, mpaka nditayang'ana mu Pool n'kuona nambala yosiyana ndi zinzake. Ndinailowetsanso, n'kuvomera kuti isinthidwe, zonse zinagwirana. Ndinathokoza kuti ndinali ndisanamuimbire foni yomudandaulira.

Kenako kulemera kwa katundu. Tiraki imodzi ya mono pa 24-bit ndi 44.1 kHz imadya pafupifupi 8 MB pa mphindi, ndiye nyimbo ya mphindi zisanu ndi 40 MB pa tiraki. Zathu zinali ndi matiraki 18 kapena kuposerapo, kutanthauza 700 MB ndi kanthu pa nyimbo, zonse pamodzi kupitirira 4 GB. Ine kuno ndikanapeza Wi-Fi, koma bandulo yotsitsira zonsezo ikanawalemera achimwene. Tinagwirizana kuti nyimbo imodzi ndiike mu zip n'kuitumiza pa Google Drive kuti ayesere kaye, ndipo itakhala bwino, zotsalazo ndinaziika pa flash. Pa WhatsApp ndinangotumizapo tizithunzi ta ma plugin tija ndi ka MP3.

Flash ija ndinaikulunga m'pepala, n'kuiika mu envulopu, n'kukaipereka ku Park Station kwa mlamu wa mayi wina wa m'kwaya yemwe ankapita kumudzi pa basi, ulendo wodzera ku Beitbridge, Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Anaiika m'thumba la mkati mwa jekete limodzi ndi pasipoti. Ina yofanana nayo inatsala kwa ine.

Lachinayi usiku foni inalira ndili pakati potsuka mbale.

"Zalowa zonse mphwanga, palibe chomwe ndasuntha. Koma mayi akutsogolera nyimbo yachitatuwa ndani? Pamene akupuma asanakwere paja usadzapadule. Ndapasiya momwemo."

Lamulungu titaweruka ndinawapeza mayiwo panja pa tchalitchi akupinda nsalu ya yunifolomu, n'kuwauza zomwe achimwene ananena. Anagwira pakamwa, kenako anafunsa kuti, "Ndiye mwanangu, zitulukadi Khirisimasi isanafike? Ndikufuna amayi anga ku Mulanje adzaimve."