Sabata ya chiperoni padenga

Kasitomala wathu wina mu Blantyre muno ali ndi ofesi ndi nyumba yosungiramo katundu, zotalikirana kupitirira pang'ono kilomita imodzi. Kukumba msewu kuti tiyale chingwe cha fayiba cholumikiza nyumba ziwirizi kunali kodula, ndiye padenga lililonse tinaikapo zida ziwiri. China chimatumiza deta ndi kuwala kwa laser ya 1550 nm, kosaoneka ndi maso. Chinacho ndi wailesi ya E-band, ya 70/80 GHz, yodikirira kunyamula deta kuwalako kukalephera.

Lolemba mayi a ku akaunti kuntchito kwathu anandiimitsa pakhonde. "Achimwene, wailesi ija timailipirira laisensi ku MACRA, koma pamalipoti anu ikungokhala. Kuwala sikufuna laisensi. Bwanji osangoichotsa?" Funso lawo linali lomveka. Ndinangowapempha kuti atipatse mpaka Lachisanu, poti kunja kunali kutayamba kuzizira mwa mtundu wina.

Lachiwiri tinakwera kukapukuta magalasi. Kangaude anali atamanga ukonde pakamwa penipeni pa chida cha kuwala, ndipo chitsulo chochigwiriziza chinali chitapendekeka pang'ono. Malata akatentha masana n'kuzizira usiku, chitsulocho chimasuntha, ndipo kuwala n'kopyapyala moti kusuntha kochepa kumakwanira kuphonya chida cha tsidya linalo. Mnzanga anali padenga la uko, maso pa laputopu, foni kukhutu: "Kumanzere pang'ono, akulu. Pang'ononso. Basi, mangani pomwepo!"

Lachitatu m'mawa chiperoni chinafika, nkhungu ija yochokera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Ndirande osaoneka, nyumba ya kasitomala osaonekanso. Linki ya kuwala inagwa, wailesi n'kunyamula zonse.

Zida ziwirizi timaziphatikiza chifukwa adani awo ndi osiyana. Timadontho ta nkhungu n'tating'onoting'ono, kukula kwake sikusiyana kwambiri ndi funde la kuwala, ndiye timamwaza kuwalako mbali zonse. Funde la wailesi yathu n'lotalika pafupifupi mamilimita 4, nkhungu silimaiona n'komwe. Chimene chimalifooketsa ndi mvula yamphamvu ya mu Januwale, ya madontho akuluakulu, pamene kuwala kumapirirako. Kuti zonse zigwere limodzi, n'zapatalipatali.

Koma tsiku limene linandituluka thukuta ndi Lachinayi. Nkhungu imati ikatseguka pang'ono, n'kutsekanso. Laser ikangodzuka, switch, chida chosankha njira yodutsa deta, imabweza deta yonse kumeneko, pasanapite nthawi laser yagwanso, deta kuthamangiranso ku wailesi. Kulumphalumpha kotereku kumasokoneza kuposa linki kungofa kamodzi. Akasitomala anaimba: mafoni a muofesi akudukaduka, malisiti akukanika kutuluka. Tinasintha malamulo a switch kuti kuwala kukafooka izithawira ku wailesi msanga, koma pobwerera izidikira kaye mphindi zingapo kuwalako kutakhazikika. Tinasanjanso zoyamba kudutsa, poti wailesi tinagulayi njira yake n'njopapatiza poyerekeza ndi laser: mafoni ndi malisiti patsogolo, makamera pambuyo, a YouTube adikire dzuwa.

Kwa ine, ntchito yeniyeni ya linki zophatikiza ili pamenepa. Ogulitsa zida amakonda kunena za liwiro. Amatchula za a Taara, opanga zida zotumiza deta ndi kuwala, amene mu 2021 analumikiza Brazzaville ndi Kinshasa ndi kuwala podutsa mtsinje wa Congo, mtunda wa makilomita pafupifupi 5, n'kutumiza deta pafupifupi 700 TB m'masiku 20. N'zoona, ndipo n'zogometsa. Koma za mmene switch izichitira nkhungu ikamaseweretsa linki, zimenezo umakazipeza wekha padenga, jekete itanyowa.

Lachisanu ndinatengera mayi aja pepala la girafu ya sabata yonse: mzere wa laser uli zigwa zokhazokha, wa wailesi uli chilili. Anauyang'anitsitsa, n'kufunsa ngati akasitomala anadandaula Lachitatu. Ndinati ayi, sanadziwe n'komwe kuti china chagwa. Anasainira za laisensi, koma anati Januwale akafika adzafuna kuonanso pepala ngati lomweli, ulendo uno loteteza laser.