Chigwiriro cha ovolosi ya malemu

Lolemba m'mawa, ndisanakoleze n'komwe makala pachipala, kunatulukira bambo wina wa ku Chirimba atanyamula jumbo. Amagulitsa nyama ya mbuzi, ndipo mpeni umene amasendera ndinamusulira ndine zaka zapitazo. Chitsulo chinali chidakali bwinobwino, koma chigwiriro chamtengo chinali chitang'aluka chifukwa chokhalira kunyowa ndi magazi ndi madzi. M'jumbomo anasololamo ovolosi yabuluu yoperepeseka m'mawondo.

"Amisiri, iyi inali ya malemu bambo anga. Ndamva kuti mumapanga zigwiriro zansalu."

Ndinavomera, koma mtima uli pheee ayi. Jinzi ya pakaunjika ukaiwononga umangokagula ina. Ovolosi ya malemu sungakaipeze pamsika wa Ndirande.

Zigwiriro zimenezi anzathu amazitcha micarta. Dzinali linachokera ku kampani ya Westinghouse ya ku America, imene cha m'ma 1910 inkamata mapepala ndi nsalu ndi utomoni wa mtundu umene Leo Baekeland anatulukira mu 1907, n'cholinga chotchinjiriza zipangizo zamagetsi. Iwo ankapanikiza ndi makina amphamvu uku akutenthetsa. Zangazi n'zongotengerako: rezini ya faibagilasi ija amamatira mabampa a galimoto, matabwa awiri, ndi jeke.

Ndisanadule chilichonse ndinasolola kaulusi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi. Kanayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lotuwa, kusonyeza kuti ndi thonje. Ulusi wa poliyesitala umasungunuka n'kusanduka kampira kolimba, ndipo nsalu yotero siimwa rezini bwino, mawa lake zigawo zimayamba kumatuka. Zitenje zambiri zotsika mtengo zimagwera pamenepa, ngakhale maluwa ake akongole chotani. Ovolosiyo tinaichapa kawiri ndi sopo kuti girisi yense achoke, n'kuiyanika.

Lachiwiri ndi limene ndinalakwitsa. Ndinadula tizidutswa 36 ta masentimita 14 m'litali ndi 5 m'lifupi, 18 mbali iliyonse ya chigwiriro. Inali nthawi ya masana, ndipo aliyense akudziwa mmene dzuwa la Okutobala limaswera mtengo mu Blantyre muno. Rezini imeneyi imafuna mankhwala oumitsira pang'ono chabe, mililita imodzi kapena awiri pa mamililita 100, ndipo kukamatentha umachepetsa. Ine ndimayeza ndi sirinji. Tsikulo foni inaitana, ndinamusiyira mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, iye n'kungothira ndi maso ngati akuthira mchere m'ndiwo.

Tinapaka chidutswa choyamba, chachiwiri, mpaka chachisanu ndi chiwiri. Kenaka burashi inayamba kulemera.

"Abwana, kapuyi ikutentha!"

Poti ndiyang'ane, rezini yagwirana ngati phala lozizira, kapu yapulasitiki ikupindika, kautsi kakufuka. Ndinaitaya panja pamchenga. Tizidutswa 7 ta ovolosi ya malemu tinauma titakhwinyata, tosapanikizidwa, topanda ntchito.

Mnyamatayo anangoti zyoli. Ndinafuna kumukalipira, koma amene anasiya sirinji n'kuthamangira foni ndi ine. Ndinangoti, "Mphwanga, mawa ubwere tambala woyamba."

Usiku ndinaitembenuza ovolosi ija kangapo. Kumsana kunali kutatha, m'mawondo munali mofooka. Panatsala thumba la pachifuwa ndi kumapazi kwa miyendo. Thumbalo linali ndi chigamba chosokedwa pamanja ndi ulusi wofiira, mwina ndi mayi ake a bambo uja. Poyamba ndinalisiya dala chifukwa msoko umatumphukitsa zigawo. Tsopano panalibe kuchitira mwina.

Lachitatu tinayamba 5 koloko kunja kukali kozizira. Ndinasakaniza pang'onopang'ono, kawiri, m'mbale yotambalala, chifukwa rezini ikaunjikana m'kapu yakuya imadzitenthetsa yokha n'kufulumira kugwirana. Iye akupaka, ine ndikusanja ndi kufinya thovu ndi kathabwa. Chidutswa chilichonse chiyenera kunyowa mpaka kuda, pasatsale pouma ngakhale pongafike nsonga ya chala. Chachigamba chija ndinachiika pakatikati. Tinakulunga m'pulasitiki, kuika pakati pa matabwa, n'kupanikiza ndi jeke pansi pa felemu yachitsulo ya tebulo langa. Apa napo pamafunika kudziletsa. Ukapopa jeke mwaukali rezini yonse imatuluka m'mbali, nsalu n'kutsala youma m'kati. Ndimasiya ikangoyamba kudontha ngati uchi.

Podikira kuti ziume tinabwerera kumoto. Ndinali ndi mipeni inayi ya mayi wina wa lesitilanti, yosula kuchokera ku sipuling'i yakale ya lole. Timaitenthetsa mpaka maginito ataleka kuigwira, cha pa madigiri 770, kupitirizako pang'ono, kenaka n'kuviika mu oilo. Tikatero timaiwambanso pang'ono mpaka itaoneka ngati udzu wouma kuti isamathyoke. Lachinayi magetsi anathima tsiku lonse, galayinda ili duu, moti inayi yonseyo tinaipala ndi tupa mpaka mapewa kuwawa.

Lachisanu ndinamasula jeke. Chinatuluka ndi chinthu chonyansa, chakuda, cham'mbali mokakala ngati chikhokho cha mphika. Nditachigogoda ndi nyundo chinalira ngwee ngati fupa, ndipo mpamene ndinapumira. Ndinachicheka, kubowola mabowo atatu, kumata mbali zonse ziwiri kuchitsulo ndi guluu wa epoxy, n'kulowetsa timisomali tamkuwa todula ku ndodo zowotcherera.

Gawo limene ndimalikonda ndi lopala. Fumbi lake ndi loipa, limayabwa ndipo si lopumira, choncho masiki pamphuno ndi sandipepala wonyowa. Ukamazunguza m'mbali, zigawo za nsalu zimayamba kutuluka chimodzichimodzi ngati mizere ya m'thabwa la mlombwa, pena buluu wakuda, pena wotuwa pamene dzuwa linawaula ovolosiyo. Nditafika pa sandipepala wosalalitsira wa nambala 400, pamalo pogwira chala chamkombaphala panatulukira timadontho tofiira tondondozana. Unali ulusi wa chigamba uja. Mnyamata wanga anausisita ndi chala kuyesa ndi utoto.

Sindinachipukute mpaka kunyezimira. Wogulitsa nyama manja ake amakhala onyowa ndi mafuta, ndipo chigwiriro chansalu chikasiyidwa chokhakhala pang'ono sichiterereka.

Loweruka bambo uja anabwera cha m'ma 10 koloko. Ndisanamupatse mpeni ndinayamba ndamuonetsa chibulumwa cha tizidutswa 7 tija, n'kumufotokozera zonse, ndi kuti pamtengo ndachotsapo. Anachitembenuza osayankha. Atalandira mpeniwo anaugwira monga amagwirira posenda, chala chake n'kugwera pa timadontho tofiira paja. Anayang'anitsitsa kwa kanthawi.

"Thumbali ankasungamo fodya," anatero.

Analipira ndalama yonse imene tinagwirizana poyamba, anakana zochotsera. Chibulumwa chija nacho anachiponya m'jumbo n'kupita nacho.