Kolesitero sasankha wonenepa

Abale, dzulo tinakatenga zotsatira za magazi a mayi anga aang'ono, tonse tinangoti kakasi. Munthu wochepa thupi, wolima yekha munda wake, koma kolesitero woipa wotchedwa LDL, mtundu wa mafuta a m'magazi, wakwera. Ife tinkayesa ndi vuto la mabwana a mimba zikuluzikulu.

Adokotala anatifotokozera kuti kolesitero wambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwechi, ndipo thupi limamufuna popanga ndulu komanso mahomoni monga estrogen ya amayi ndi testosterone ya abambo. Vuto limabwera LDL ikachuluka. Imamatirira m'mitsempha ya magazi, njira n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka mtima kuyamba kuvutika. HDL, mtundu wina wa kolesitero, ndiye yabwino, imatola zotsalira n'kuzibweza kuchiwindi. Amayi akasiya kusamba estrogen imatsika, LDL n'kukwera, ndipo ndi zomwe zawachitikira mayiwa.

Choopsa chake, kolesitero sapweteka. Umangoyenda bwinobwino osamva kalikonse.

Ine chondidetsa nkhawa ndi mafuta a pachiwaya aja, okazingira tchipisi mobwerezabwereza mpaka kuda bii, kuphatikiza nkhumba yonona timaikondayi. Adokotala awauza mayiwa achepetse zonona, azidya nyemba, usipa ndi masamba, kenako akayezetsenso pakatha miyezi itatu.