Zikomo nonse, bambo tatuluka nawo m'chipatala

Abale ndi alongo, bambo tinabwera nawo kunyumba ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, Lachiwiri, ndipo dzulo adya kondowole ndi usipa mpaka kupempha mtanda wina. Mtima wanga wakhala pansi.

Anayamba ndi kutentha thupi, tonse n'kumati ndi malungo. Kenaka ululu kumunsi kwa nthiti zakumanja, osathanso kugonera mbali imeneyo. Sikani itaonetsa kuti m'chiwindi mwasonkhana mafinya, ine nkhongono zinazizira. Ndinkangoona munthu wa zaka 71 akumung'amba pamimba.

Adokotala, inu amene munandikhazika pansi n'kundijambulira papepala zonse zimene muchite, Mulungu akudalitseni. Munawabaya jakisoni wa dzanzi pamalo pokhapo, iwo ali maso. Maso anu ali pa sikani, munalowetsa singano, kawaya n'kudutsa m'singanomo, kachubu n'kutsata kawayako. Pobwerera ku wodi, kathumba kanali katayamba kudzaza mafinya ofiirira ngati phala la mawere. Patatha masiku awiri thupi linasiya kutentha. Kabala kake, mukakaona, sikaposa njere ya chimanga.

Mng'ono wanga wophunzira unamwino ndi amene anatiuza kuti luso lotereli amalitcha interventional radiology, kuchiza munthu m'kati mothandizidwa ndi makina ojambula. Njira ya kawayayo anaiyambitsa dokotala Seldinger wa ku Sweden mu 1953. Mu 1964 Charles Dotter wa ku America anatsegula mtsempha wotsekeka m'mwendo wa gogo wa zaka 82 amene anakana kudulidwa, ndipo mwendowo unapulumuka. Lero akatswiri ake amatha kuletsa magazi kwa mayi amene akutaya magazi atabereka, ngakhale kufwetsa zotupa za m'chiberekero osachichotsa. Anzathu a ku Tanzania anayamba kuphunzitsa madokotala ntchitoyi ku chipatala cha Muhimbili mu 2018. Ine ndimalakalaka ana athu ambiri ataiphunzira n'kudzagwira ntchito kumpoto kuno, chifukwa ndaona ndi maso anga chimene kachubu kamodzi kangachite.

Anamwino a usiku amene munkakhuthula kathumba kaja n'kulemba muyeso osanyinyirika, zikomo. Amayi a Umanyano, phala lanu linkafika likadali lotentha ngakhale m'mvula yamvumbi ija. Achimwene a kabaza amene munakana ndalama yanga m'bandakucha uja pa Katoto, dzina lanu sindinafunse, koma bambo akukupemphererani.

Kachubu anakachotsa, mankhwala akumwabe. Ofuna kudzawaona bwerani masana, m'mawa kuzizira amakhala akadali m'bulangete.