Loweruka la galimoto: ku galaja ku Luchenza, kenako kukaona Benz ku Chitakale

Ndinanyamuka pa Boma la Thyolo m'mamawa, chiperoni chisanachoke m'minda ya tiyi, kulowera ku Luchenza kumene kuli makaniko amene amasamala Toyota Celica yanga. Galimotoyi ndi ya zitseko ziwiri, inapangidwa mu 2003, ndipo ndi ya mtundu womaliza wa Celica, umene unatuluka mu 1999 n'kusiya kupangidwa mu 2006. Masiku apitawa yakhala ikugogoda kutsogolo, mbali ya kumanzere, makamaka ndikamakwera mahampu kapena kudutsa pamene phula linakumbika, ndipo ndikaima injini ikulira, fungo la oyilo wopsa limalowa mpaka m'kati. Nthawi yokayezetsa galimoto kuti ipatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikuyandikira, choncho sindikanazengerezanso.

A makanikowo ndi bambo wachikulire amene anaphunzira ntchito yawo pokonza mathirakitala ndi malole a m'maesiteti a tiyi, ndipo safulumira kumasula chinthu asanachimvetse. Anayamba aika matabwa pansi kuti galimoto ikwerepo, chifukwa ndi yotsika kwambiri moti jeke yawo yaikulu silowa kunsi kwake. Ataikweza anagwira tayala ndi manja awiri n'kuligwedeza, kenako analowetsa chitsulo pamene mkono wa tayala umalumikizana ndi thupi la galimoto, n'kundiitana kuti, "Bambo, tagwadani apa muone nokha, ndisamachite kukuuzani." Mabushi a labala anali atang'ambika, ndipo chitsulo chinkakhudza chitsulo chinzake, pamalopo pakuwala ngati apukutapo. Shock absorber ya mbali yomweyo inali yonyowa ndi mafuta, fumbi lofiira la kwathu kuno litamatirira n'kusanduka phala. Za fungo la oyilo anazipeza msanga: gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini inauma ndi ukalamba, ndipo oyilo akutsetserekera kumbuyo, kumene kuli mapaipi otentha a utsi.

Palibe chinandidabwitsa pa zimenezi, popeza labala amatha pa galimoto iliyonse imene yadutsa zaka makumi awiri, makamaka ikamayenda m'misewu imene mvula ya namondwe Freddy inaononga mu Marichi 2023. Chimene chimandilimbitsa mtima pa Celica imeneyi ndi injini yake ya malita 1.8, yotchedwa 1ZZ-FE, imene ilinso m'magalimoto ambiri a Corolla, Allion, Premio ndi Wish amene adzaza m'misewu yathu. Gasiketi, fyuluta ya oyilo, mapulagi ndi pampu ya madzi zimapezeka m'mashopu a masipeya ku Limbe popanda kupempha munthu kuti aitanitse kunja. Injiniyi imayendera tcheni osati lamba, choncho nkhawa yoti lamba adzaduka pakati pa ulendo palibe, bola oyilo asinthidwe pa nthawi yake. Pali anzanga amene amati ndikanapeza Celica ya injini ya 2ZZ-GE, yamphamvu kwambiri, imene Toyota anaikonza mothandizana ndi Yamaha, koma ineyo ndimaona kuti kuno kumudzi injini yofanana ndi ya anthu ambiri ndi chuma. Vuto lili pa zinthu za kunja kwa thupi. Nyali zakutsogolo, galasi la chitseko ndi bampala sizifanana ndi za galimoto ina iliyonse, ndipo n'chifukwa chake ndimayendetsa mosamala kwambiri ndikamadutsa pa msika wa Bvumbwe, pamene njinga zamoto ndi anthu onyamula mitolo ya kabichi amadutsana ndi magalimoto mopanikizana.

Tinagwirizana kuti lero asinthe gasiketi ndi oyilo, ndipo mabushi ndi ma shock absorber onse awiri akutsogolo adikire mpaka nditagula atsopano. Anandiletsa kugula akale ochotsedwa m'galimoto zina, chifukwa munthu sungadziwe kuti ayenda mtunda wotani, ndipo kusintha mbali imodzi yokha kumachititsa galimoto kupendekeka pokhota.

Ntchito itatha cha m'ma 11 koloko, ndinawapempha kuti andiperekeze ku Chitakale, ku Mulanje, kukaona Mercedes-Benz C200 Kompressor imene mlamu wanga anaiona ikutsatsidwa pa Facebook. Nkhani ya galimoto yachiwiri takhala tikuikambirana kunyumba kwa nthawi ndithu. Mayi a ana amanena zoona kuti mpando wakumbuyo wa Celica sukwana munthu wamkulu, ndipo kukatenga apongozi kupita nawo kuchipatala pa galimoto imene ayenera kuwerama n'kupinda mpando kuti alowe si ulemu. Ndikufuna galimoto ya zitseko zinayi, yofewa poyenda, yooneka bwino, koma sindikufuna kuti ilande chakudya cha pakhomo.

Benziyo tinaipeza itaimikidwa pansi pa mtengo, phiri la Mulanje lili kumbuyo kwake, ndipo kunena zoona inali yokongola. Ndi ya mtundu wa W204, umene unapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2014, yasiliva, mipando yake yachikopa yosang'ambika. Amene anatilandira sanali mwini wake koma dobadoba, mnyamata waulemu wolankhula mwachangu, amene anati mwini wake akuigulitsa motchipa chifukwa akufuna ndalama mwamsanga. Ine maso anga anali pa penti ndi pa chiwongolero, koma a makaniko anangoika dzanja pa boneti n'kufunsa kuti, "Achimwene, bwanji mwaitenthetsa tisanafike?" Anandifotokozera pambali kuti injini za mtundu umenewu zimadziwika ndi kutha kwa tcheni ndi mano amene tcheniyo imayendamo, ndipo phokoso lake limamveka bwino pamene mukuiliza itazizira, m'masekondi oyambirira okha. Injini ikatentha, phokosolo limabisala. Tinapempha kuti tidikire izizire, ndipo tinakadya nsima pafupi pomwepo. Titabwerera n'kuiliza, kunamveka kukhuluza kwa kanthawi kochepa kutsogolo kwa injini, ndipo nyali yachikasu ya injini inachedwa kuzima. Buku losonyeza mbiri ya kukonzedwa kwake panalibe, ndipo titafunsa za mapepala a umwini, anatiuza kuti ali ndi munthu wina ku Blantyre. A makaniko anangoti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," ndipo tinatsanzika mwamtendere.

Sindikunena kuti Benz ndi galimoto yoipa. Yosamalidwa bwino imayenda mofewa kuposa galimoto zambiri zimene ndinakwerapo, koma imafuna oyilo woyenera, kompyuta yopimira matenda ake ndi makaniko wozolowera magalimoto a ku Germany, ndipo zonsezi kwa ife a ku Thyolo zikutanthauza ulendo wa ku Blantyre nthawi iliyonse nyali ikayaka. Mtengo wotsika umene dobadoba anatchula unali wotsika chifukwa mwini wake akudziwa ndalama imene ikumudikira, ndipo akufuna kuti ndalamayo adzalipire wina.

Pobwerera tinaima pang'ono, ndipo ndinawaonetsa pa foni magalimoto amene ndakhala ndikuwayang'ana pa intaneti kwa ogulitsa a ku Japan. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mtengo woyamba umene umaoneka ndi zilembo zikuluzikulu ndi wa FOB, wa galimoto ikadali padoko la ku Japan. Mukawonjezera sitima ndi inshuwaransi mpaka ku Dar es Salaam mumapeza mtengo wa CIF, ndipo ulendo sunathe, chifukwa pali malipiro apadoko, a ejenti woombola galimoto, dalaivala, ndi mafuta ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga, kutsika dziko lonse mpaka kuno kummwera. Kenako pali misonkho ya MRA, imene imakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, moti galimoto yapamwamba yakale, ya injini yaikulu, imene imaoneka yotchipa pa foni, ndi imene msonkho wake umapweteka kwambiri. Zambiri mwa izi zimawerengedwa m'madola, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene ndinkasunga inachepa mphamvu ndisanaigwiritse ntchito n'komwe. Kupeza madolawo kubanki nakonso ndi nkhani ina.

Pa magalimoto onse amene tinayang'ana, mtima wanga ukupendekera ku Toyota Mark X, imene inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2019, kapena Lexus IS250, popeza onse awiri ali ndi injini yofanana ya V6 ya malita 2.5, ndipo Mark X amakaniko a ku Limbe anaizolowera kale. Imamwa petulo kuposa Celica, ndipo m'masiku a mizere ya pa filingi zimenezi si zazing'ono, komabe ndimatha kuwerengera pasadakhale chimene idzandidyera. A makaniko anandilangiza kuti ndikasankha yoitanitsa, ndidzaumirire kuona pepala la ku okushoni la ku Japan, limene limasonyeza giredi ya galimoto, makilomita ake ndi malo amene inagundidwapo, ndipo ndikasankha yogula konkuno, ndidzapite nawo m'mamawa injini isanalizidwe.

Celica sindiigulitsa. Mtengo umene anthu angandipatse ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito imene ikugwirabe, ndipo pokwera zitunda za pakati pa Luchenza ndi Thyolo madzulo ano, fungo la oyilo linali litatheratu ngakhale kugogoda kukadalipo. Lolemba ndidzapita ku Limbe kukagula mabushi ndi ma shock absorber, ndipo ndidzadutsanso kwa ejenti woombola magalimoto kuti andiwerengere msonkho weniweni wa Mark X ya 2012, kuti ine ndi mayi a ana tikhale pansi tili ndi chiwerengero chonse papepala.